Ankawotcha Pamene Panalibe Kanthu

Chiberekero anandichotsa kumayambiriro kwa nyengo yozizira, ndili ndi zaka makumi atatu ndi zingapo. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Woolwich, m'fulati ya pamwamba, ine, amuna anga ndi mwana wathu wamkazi amene anali adakali ku pulayimale. Ku London ndinabwera kudzaphunzira za akawunti, ndipo sukulu itatha ndinapeza ntchito mu ofesi ina yoyang'anira nyumba za lendi, n'kukhazikika. Amuna anga ankayendetsa basi. Iwo anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, kwa bambo amene anachoka ku Dedza ali mnyamata osadzabwererako. Ndi munthu wosayankhulayankhula, wokonda kukonza zinthu. Mpopi ukamadontha kapena chitseko chikamalira, sagona asanachigwire.

Matendawo anawapeza ine ndisakumva kupweteka paliponse. Kuno amayi amaitanidwa kukayezetsa khomo la chiberekero pakapita zaka zingapo, ndipo ine ndinapita chifukwa nesi wa pa kiliniki yathu ankangondikumbutsa. Chokha chimene ndinkachiona chinali timagazi tochepa tikakhala malo amodzi ndi abambo a kunyumba, koma sindinkatiwerengera. Anandiyeza, anandiitananso, anadula kanyama kukaunika, kenako anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero, koma yaoneka msanga. Mawu akuti msanga aja ndinawagwira ndi manja awiri. Opaleshoni inayenda bwino, bala linapola, ndinayamba kutsika masitepe ndekha. Ndinkati nkhani yatha.

Titapita kukaonana ndi dokotala amene anandichita opaleshoni, mayi wamfupi woyankhula pang'onopang'ono, anakokera mpando wake pafupi ndi ine.

"Chotupa chonse tinachichotsa," anatero. "Koma titachiunika tapeza kuti chinalowa mkati kuposa mmene tinkaganizira, ndipo chinayamba kukhudza timitsempha tating'ono ta pafupi. Mwina palibe chimene chatsala. Mwinanso tatsala tina tosaoneka. Tikufuna tiwotche malo onsewo ndi makina a ledieshoni kuti matendawa asadzabwerere."

Amuna anga anaweramira kutsogolo. "Ndiye matendawo alipo kapena palibe?"

"Sitingadziwe," anayankha dokotala.

Abambo anafunsanso funso lomwelo m'mawu ena, ngati kuti Chingerezi chawo ndi chimene chinalakwika poyamba. Yankho linali lomwelo. Pobwerera m'sitima ankangotembenuza makiyi m'manja.

Asanayambe kuwotcha anandigoneka m'makina ojambula, n'kundilemba timadontho titatu ta inki yosafufutika, kamodzi pansi pa mchombo, tiwiri m'chiuno mbali iyi ndi iyi. Ndinaseka pang'ono, poganiza kuti ndathawa mphini kwathu n'kudzatemedwa ku Ulaya. Anati tsiku lililonse azidzandigoneka molingana ndi timadonthoto kuti moto uzigwera malo amodzimodzi. Ndinayenera kupita Lolemba mpaka Lachisanu kwa milungu isanu, osadumphitsa.

Malo owotcherawo anali pansi penipeni pa chipatala, kopanda mawindo. Ukafika umayamba wamwa makapu a madzi n'kudikira kuti chikhodzodzo chidzaze, chifukwa chikadzaza chimakankhira matumbo kutali ndi moto. Tinkakhala pamenepo anthu osiyanasiyana, aliyense ndi kapu yake, miyendo titapanikiza, maso ali pa chitseko. Akakuitana umavula kuyambira m'chiuno, n'kugona pa bedi lolimba ngati thabwa. Atsikana awiri ogwira ntchito pamenepo ankandisuntha pang'onopang'ono ndi manja ozizira, uyu kukoka nsalu, uyo kukankha chiuno, akutchulirana manambala. Ankandiuza kuti ndisawathandize, ndingokhala lefu. Akatha ankatuluka, chitseko chochindikala n'kutsekeka, ine n'kutsala ndekha. Makinawo anali aakulu ngati galimoto, ndi mutu wozungulira umene unkayenda pamwamba panga, m'mbali ndi pansi, kuima, kulira ngati njuchi, kusunthanso. Sipankamveka kutentha kapena kupweteka. Ntchito yanga yonse inali yosagwedezeka.

Kumudzi ndinali ndi mkulu wanga mmodzi yekha, wobadwa naye bere limodzi. Amayi atamwalira ndili sitandade sikisi, achemwali amenewa ndi amene anandilera, ndipo sukulu yonse ndinaphunzira ndikudya za m'manja mwawo. Ankagulitsa kaunjika pa msika wa Balaka. Amuna awo anali atamwalira kalekale, n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi amene panthawiyi anali atamaliza fomu folo. Anali munthu wapakamwa, woseka mokweza, woti akamaitanira malonda anthu a mzere wachitatu ankatembenuka. Za matenda anga ankadziwa kuyambira pachiyambi. Loweruka lililonse masana ndinkagula khadi yoimbira kunja pa kasitolo ka pafupi ndi msika wa Woolwich, kuikala ndi chikhadabo, n'kuwaimbira.

Loweruka la mlungu woyamba wa kuwotcha, titacheza za mvula ndi za mwana, anandifunsa mwadzidzidzi.

"Iwe, paja unadziwa bwanji kuti uli ndi matenda amenewa?"

"Sindinadziwe, achemwali. Anachita kundiyeza. Ine ndinkangoona timagazi pang'ono pa nthawi yosayenera, basi."

Pa foni ndinkangomva phokoso la pa msika, wina akuliza belu la njinga.

"Halo? Achemwali?"

"Ndilipo. Magazi okhawo?"

"Eya. Bwanji?"

"Ayi, ndimangofunsa." Anatsokomola. "Ine ndiye dzinja lino n'lachiwiri. Poyamba ndimati ndi kusiya kusamba, paja kumayamba choncho. Koma pano kukutulukanso madzi, ndipo akununkha. Pa msika ndimavala zitenje ziwiri."

Ndinali nditaimirira pa zenera la kukhitchini. Ndinakhala pansi pomwepo, pa matailosi.

"Madzinja awiri, achemwali? Osanena?"

"Ndikananena kwa ndani? Iwe uli kutali, uyu ndi mwana."

"Mawa mupite kuchipatala."

"Mawa ndi Lamulungu."

"Lolemba ndiye."

"Lolemba ndikutsegula belo. Makasitomala ndawauza kale."

Ndinakalipa mmene sindinawakalipirepo chibadwire. Iwo ankangoti, "Iwe, usadzitopetse, ndiwe wodwala." Ndinawauza kuti apereke foni kwa mwana wawo, ndipo mtsikanayo ndinamuuza zonse mosabisa, zinthu zimene mwana sayenera kumva za mayi ake. Anangoti, "Chabwino, anti." Mkati mwa mlungu wotsatira anawatengera ku chipatala cha boma, ndipo kumeneko atangowaona anawatumiza ku Blantyre.

Podikira zotsatira za ku Blantyre, thupi langa linayamba kuyankha moto uja. Anali atandichenjeza, koma chenjezo ndi lina, kumva m'thupi ndi kwina. M'mimba munayamba kutsegula mosapereka mpata. Mkodzo unkawotcha ngati ndathira tsabola. Anandiletsa nyemba, masamba ambiri ndi zipatso zina, ndipo ndinkangodya buledi woyera ndi mpunga. Kunalinso kutentha kwina kumene kunkandibwerera mwadzidzidzi kuchokera pachifuwa kukwera kumaso, thukuta kamukamu, panja kukuzizira mpaka madzi kuundana. Nesi anati ndiko kusiya kusamba kwabwera nthawi isanakwane. Koma choopsa kwambiri chinali kutopa. Ndinkatha kukhala m'mphepete mwa bedi ndikuyang'ana sokosi pansi, ndikudziwa kuti ndiyenera kuwerama, koma thupi osamva.

Mwana wathu anasiya kundikumbatira. Akabwera ku sukulu ankaima pakhomo la chipinda n'kundipatsa moni ali komweko. Ndinamuitana m'Chichewa kuti abwere adzakhale pafupi, iye anayankha m'Chingerezi, monga mwa masiku onse, kuti mnzake wa m'kalasi wamuuza kuti munthu wowotchedwa ndi makina amenewo amapatsira ena. Bambo ake anamufotokozera kuti si zoona, kuti a chipatala anena kuti motowo umathera m'chipinda momwemo. Anagwedeza mutu kuvomera, koma anabwera n'kundigwira chala chimodzi chokha.

Abambo anali atasinthana mashifiti ndi anzawo kuti azindiperekeza masiku ena. Tsiku lina popita, sitima ili yodzaza ndi anthu opita ku ntchito, m'mimba munandipota. Ndinawagwira mkono. Anayang'ana uku ndi uku, koma sitimayo inalibe chimbudzi, ndipo inali itaima pakati pa masiteshoni, kudikira inzake idutse. Ndinaluma mlomo, ndinapemphera, ndinawerenga zikwangwani za malonda zimene zinali pamwamba pa mawindo. Sizinathandize. Ndinadziipitsira nditaimirira, pakati pa anthu ovala masuti. Mayi wina anangosunthira chikwama chake kumbali, bambo wina anakweza nyuzipepala kufika kumaso. Amuna anga anavula jekete lawo lalikulu la ku ntchito, anandimanga nalo m'chiuno, n'kuima kumbuyo kwanga ngati khoma. Tinatsika pa siteshoni yotsatira. Ndinadzitsekera m'chimbudzi, iwo anathamangira m'sitolo n'kubwera ndi thalauza yamasewero yaikulu yoti tikanakwanamo tonse awiri.

"Tibwerere kunyumba," ndinatero nditatuluka. "Lero sindipita."

"A chipatala ndawaimbira kale," anayankha. "Akuti tibwere ndithu, atidikira."

"Abambo, ndatopa."

"Ndikudziwa, amayi." Anayang'ana pansi. "Chikanakhala choti ndikagonepo ine, bwenzi nditapita ndekha."

Tinapita. Ndinamwa madzi, ndinadikira, ndinagona pa thabwa lija.

Zotsatira za ku Blantyre anandiuza ndi mwana wa achemwali. Iye ndi amene anafulasha, ine n'kumuimbira ndili pa siteji ya basi. Anati madokotala anena kuti ndi matenda omwewo, koma afalikira, afika poti opaleshoni singathandize. Chimene chikanathandiza ndi kuwotcha, koma makina owotchera m'dziko lonse mulibe. Amene akufunika kuwotchedwa amachita kutumizidwa kunja, ndipo odikira ndi ambiri. Anawapatsa mankhwala ochepetsa ululu ndi owonjezera magazi, n'kuwauza kuti abwerere kunyumba, adzaitanidwa.

Basi yanga inabwera, anthu anakwera, inapita. Ine ndinatsala pomwepo, foni ili m'manja.

Mawa lake ndinagona pansi pa makina aja monga mwa nthawi zonse. Chitseko chitatsekeka ndinayang'ana mutu wake ukuzungulira, ndipo ndinayamba kulira. Misozi inkatsikira m'makutu chifukwa ndinali chagada, ndipo sindikanatha kukweza dzanja kuti ndipukute. Chifuwa chinayamba kudumpha. Makina anaima. Mawu a mmodzi wa atsikana aja anamveka pa sipika, akundifunsa ngati ndikumva kupweteka. Ndinati ayi. Anati ndipume pang'onopang'ono, chifukwa ndikagwedezeka moto ugwera pena. Analowa, anandikonzanso molingana ndi timadontho tija, anandipukuta m'maso ndi kapepala, n'kutuluka. Makina anayambanso kulira.

Loweruka limenelo ndinaopa kuimba, koma ndinaimba. Achemwali anali kunyumba, anati ku msika kwapita mwana.

"Tandiuza," anatero, "makinawo ndi otani?"

"Aaa, achemwali, tisiye zimenezo."

"Ndikufuna ndidziwe. Anthu akungoti makina, makina. Ndi aakulu?"

Ndinawafotokozera. Ndinanena za madzi amene timamwa, za bedi lolimba, za chitseko, za kulira kwake.

"Amapweteka?"

"Ayi. Simumva kanthu. Zopweteka zimabwera pambuyo."

"Nthawi yaitali?"

"Ayi, kanthawi kochepa. Kuvula ndi kuvala ndiye kumachedwetsa."

"Ndiye paja unati chotupacho anachotsa chonse?"

"Anatero."

"Nanga akuwotcha chiyani?"

"Akuti mwina tatsala tina tosaoneka."

Anaseka. Kunali kuseka kwawo kwenikweni, kokweza kuja, koma kunathera m'kubuula. "Ndiye iwe akuwotcha pamene palibe kanthu? Azungu ali ndi nthawi." Anapuma pang'ono. "Zili bwino. Aziwotcha ndithu. Asasiye ndi kamodzi komwe."

Ndinangoti, "Achemwali," iwo n'kuti, "Ee," basi.

Kamodzi pa mlungu ndinkaonana ndi dokotala woyang'anira za kuwotcha, bambo wamtali wa imvi. Ankafunsa za m'mimba, za mkodzo, za khungu. Tsiku limenelo nditayankha zonse ndinamuuza za achemwali. Ndinalankhula mofulumira ngati mwana wopempha chilolezo. Ndinafunsa ngati angabwere kuno kudzagona pa makina omwewo. Ndinafika ponena kuti masiku anga otsalawo awapatse iwo, popeza ine changa anachotsa kale.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati masiku a munthu sapatsidwa kwa wina, chifukwa muyezo wake amaukonzera thupi la munthu mmodzi. Anati malamulo a kuno salola kuti munthu achoke kunja kudzalandira chithandizo ngati mmene ndinkalandirira ine wokhala konkuno, ndipo njira zina zimene zilipo ndi zazitali. Anandifunsa mafunso angapo: ngati achemwali akutupa miyendo, ngati akumva msana, ngati mkodzo ukutuluka bwino. Ndinayankha zimene ndinkadziwa. Dokotalayo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Nanga ndikapita ine kukawaona?" ndinafunsa. "Mlungu umodzi wokha, n'kudzapitiriza."

"Sindingakuletseni," anatero. "Koma mukadukiza, zimene tawotcha kale zimachepa mphamvu. Komanso mmene m'mimba mwanu mulilimu, ulendo wautali choncho simungaukwanitse."

Ndinatuluka ndikusowa mtengo wogwira. Amuna anga anayesa mbali yawo. Anaimbira abale awo ku Harare, kumene ankamva kuti makina alipo, koma anawauza kuti zinthu kumeneko zavuta, tsiku lina akugwira ntchito, tsiku lina ayi. Anafunsa anthu a ku tchalitchi kwathu ku Barking, anapita kwa bambo wina amene ankati amadziwa za mapepala a maulendo. Aliyense ankamva chisoni, aliyense ankalonjeza kufufuza. Amayi a ku tchalitchi anabwera kunyumba kudzapemphera, anaimba motsitsa chifukwa cha anthu a m'fulati ya pansi, anatchula dzina langa ndi la achemwali. Atapita, abambo anatenga sikuludiraiva n'kuyamba kumanga zogwirira za makabati a kukhitchini zimene sizinali zomasuka n'komwe.

Ndinawauzabe achemwali kuti ndikufuna kubwera.

"Ubwere kudzatani?" anafunsa.

"Kudzakuonani. Kudzakusamalani."

"Ndi matumbo akowo? Tizidzalimbirana chimbudzi?" Kenako mawu anasintha, anakhala aja ankandiyankhulira ndikafuna kujomba ku sukulu. "Tamvera, mwana wa amayi. Ine ndinachedwa, ndi uchitsiru wanga. Iwe ukasiya pakati, ndiye kuti amayi anabala zitsiru ziwiri. Umalize. Ukamaliza ubwere, undipeza."

"Mukulonjeza?"

"Ndipita kuti? Ndikudikira kuitanidwa kunja, paja."

Ndinamaliza. Milungu yotsiriza sindiikumbukira bwino, ndimangokumbukira kugona, kudzuka, sitima, kapu ya madzi. Khungu la m'mphechepeche linada n'kuyamba kusupuka, ndipo ndinkayenda motangadza ngati mwana wovala thewera. Tsiku lomaliza atsikana aja anandikumbatira, anati ndalimba mtima. Ndinawathokoza. Sindinkaona kuti ndalimba mtima pa chilichonse, ndinkangogona pamene andigoneka. Nesi anandiitanira m'kachipinda n'kundifotokozera za zipsera zimene moto umasiya m'njira ya amayi, ndi mmene ndiyenera kudzisamalira kuti njirayo isatsekeke. Ndinkagwedeza mutu, maganizo ali ku Balaka.

Ndinkaganiza kuti ndikwera ndege mlungu wotsatira, koma thupi linakana. Moto uja umapitiriza kugwira ntchito ngakhale makina atasiya, ndipo milungu yoyamba nditamaliza ndi imene ndinadwala kwambiri. Panapita miyezi iwiri ndisanathe kuyenda kukafika ku msika osapumira panjira. Nthawi yonseyo achemwali sanaitanidwe. Mwana wawo ankapita ku Blantyre kukafunsa, ankabwera ndi yankho loti adikirebe.

Ndinafika ku Balaka chimanga chitauma m'minda. Abambo anatsala ndi mwana chifukwa cha sukulu. Ndisanalowe m'nyumba, fungo linandilandira pakhonde, ndipo ndinadziwa chifukwa chake anthu obwera kudzazonda ankakhala panja. Achemwali anali pa mphasa m'chipinda chochezera, atatsamira khoma. Munthu wojintcha uja anali atatha, kutsala maso ndi mano. Mwendo umodzi unali wotupa ngati mtondo. Pambali pawo panali mulu wa malaya a kaunjika, ndipo ankawasankha, awa apa, awa apo, akuuza mwana wawo oyenera kupachika kutsogolo.

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Wawonda," anatero. "Amuna akowo sakukudyetsa?"

Ndinagwada n'kuika mutu pa phewa lawo. Linali fupa lokhalokha.

Ndinakhala nawo pafupifupi mwezi. Zimene ndinkatha kuchita zinali zochepa. Ndinkachapa nsalu zimene ankayalira, m'mawa ndi madzulo, n'kuziyanika kuseri kwa nyumba. Ndinkawasambitsa. Ndinkawatembenuza msana ukawawa. Panali anesi ena amene ankayendera odwala otere m'makomo, ndipo anatibweretsera mankhwala amadzi oletsa ululu, n'kutiphunzitsa kusinja mapilitsi ena n'kuwaza pa nsalu kuti fungo lichepe. Mankhwala amadziwo akagwira, achemwali ankabwerera mwakale kwa kanthawi, n'kuyamba kundifunsa za ku London, ngati n'zoona kuti anthu kumeneko amataya zovala zoti avala kamodzi kokha. Akatha mphamvu, ankaluma chitenje n'kutembenukira kukhoma, ine n'kukhala pambali ndikuwasisita mwendo, podziwa kuti kusisitako sikukufika pamene pakupweteka.

Tsiku lina ndikusintha zovala anandiitana.

"Tabwera ndione pamene ankawotchapo."

Ndinatsitsa siketi pang'ono. Anaona chipsera cha opaleshoni, anaona khungu lakuda lija. Anagwira ndi zala zawo zowuma, mosamala ngati akuyesa nsalu.

"Anagwira ntchito," anatero. "Vala, ungazizidwe."

Za kuitanidwa kunja sitinkazitchulanso. Mwana wawo yekha ndi amene ankasunga chikwama chaching'ono cholongedza kale pansi pa bedi, ndipo palibe amene anamuuza kuti amasule.

Tsiku lobwerera linakwana, chifukwa ku ntchito ankandidikira ndipo ku chipatala ndinali ndi tsiku lokaonedwanso. Ndinkafuna kusintha tikiti, iwo anakana. Anati mwana wanga wakhala nthawi yaitali wopanda mayi. Anauza mwana wawo kuti asankhe diresi labwino pa mulu uja loti ndikampatse mwana wanga, mdzukulu wa amayi, ndipo atabweretsa loyamba analikana, anati msoko wake ndi wokhota. Lachiwiri analivomera. Minibasi itaima pamsewu sanathe kutuluka kudzandiperekeza. Ndinawasiya pa mphasa paja, akundikupiza ndi dzanja kuti ndifulumire.

Anamwalira patapita milungu yochepa nditabwerera. Mwana wawo anaimba m'mawa, ine ndikumanga tsitsi la mwana wanga kuti apite ku sukulu. Ndinamaliza kumanga, chifukwa ndinali pakati, ndipo bambo ake anamuperekeza. Pa maliro sindinapite. Thupi silikanalola ulendo wachiwiri, ndipo kwathu maliro sadikira. Anthu a ku tchalitchi anabwera kudzakhala nafe masiku awiri, amayi pansi m'chipinda chochezera, abambo m'khonde la fulati ataimirira ndi majekete awo.

Mlungu wotsatira linali tsiku langa lokaonedwa. Dokotala wa imvi uja anandiyeza, anayang'ana zithunzi, n'kunena kuti zonse zikuoneka bwino, palibe chizindikiro choti matenda abwerera. Anati azindionabe pakapita miyezi ingapo kwa zaka zingapo, koma iye ndi wokhutira. Kenako anafunsa za mkulu wanga. Ndinadabwa kuti akukumbukira. Ndinamuuza. Anati pepani, n'kunditsegulira chitseko.

Panja amuna anga anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Mulungu ndi wabwino." Ndinavomera, chifukwa zinali zoona kuti ndachira, ndipo munthu ameneyu anali atavutika nane mokwanira. Koma titafika pa siteshoni ndinakhala pa benchi, ndipo sitima yathu itabwera sindinadzuke. Iwo anakhala pambali panga, tinaisiya ipite, n'kudikira ina.

Ngati panali kanthu kotsala m'thupi mwanga kamene makina aja anapha, kapena panalibe, palibe amene anandiuzapo, ndipo madokotala amati sizidziwika. Matendawo sanabwerere. M'mimba simunabwerere mwakale, mpaka lero ndikalowa malo achilendo ndimayamba ndayang'ana kumene kuli chimbudzi. Mwana wa achemwali anapitiriza geni ya amayi ake, kenako anakwatiwa n'kusamukira ku Zomba, ndipo ali ndi ana atatu. Ine tsopano ndine wamkulu kuposa msinkhu umene achemwali anafika, ndipo ndili ndi imvi zimene iwo sanakhale nazo.